Moyo wa Augustine wa ku Hippo ndi Chiphunzitso Chake cha Chisomo

Mawu oyamba

M'chimangirizo chino ndifotokoza mbiri ya Augustine, episkopi wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa, amene adakhala ndi moyo kuyambira chaka cha 354 mpaka 430. Akhristu a mipingo yosiyanasiyana amamulemekeza munthuyu ngati mphunzitsi wamkulu pa nkhani ya chisomo, chimene Akatolika amachitcha chaulere. Iye adaphunzitsa kuti chipulumutso ndi ntchito ya Mulungu kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo kuti munthu amadalira Mulungu ngakhale pa kufuna komwe kuti apulumuke.

Ndamusankha munthu ameneyu chifukwa adali ndi zonse zimene zimachititsa munthu kudzidalira. Adali wanzeru, wophunzira kwambiri, waluso pa kulankhula, ndiponso adali ndi abwenzi aulemerero omwe ankamukankhira patsogolo. Komabe ndi iyeyu amene adalimbikira kuposa anzake onse kunena kuti munthu alibe mphamvu yodzipulumutsa yekha. Cholinga changa ndi kuonetsa kuti chiphunzitso chimenechi chidakula pamodzi ndi moyo wake, kotero kuti wofuna kuchimvetsa ayenera kulondola mapazi a mwini wake kuchokera kwawo ku Thagaste mpaka kumene adafera ku Hippo. Zambiri za moyo wake timazidziwa kuchokera m'buku lake lotchedwa Confessiones, ndiponso m'mbiri imene adalemba mnzake Possidius, episkopi wa ku Calama, amene adakhala naye pafupi zaka zambiri.

Ubwana wake ku Thagaste

Augustine adabadwa pa 13 Novembala 354 m'tauni yaing'ono ya Thagaste, m'chigawo cha Numidia, chimene panthawiyo chidali pansi pa ulamuliro wa Aroma. Lero malowa amatchedwa Souk Ahras ndipo ali m'dziko la Algeria. Bambo ake, a Patricius, adali khansala wa tauniyo, koma sadali olemera kwenikweni, ndipo sadali Mkhristu kufikira pafupi ndi imfa yawo. Amayi ake, a Monica, adali Mkhristu wolimbikira pa kupemphera. Tsono mwanayo adakulira m'nyumba ya zikhulupiriro ziwiri. Ali wamng'ono adadwala kwakayakaya napempha ubatizo, koma atayamba kupeza bwino makolo adaukankhira m'tsogolo. Uwu udali mwambo wa ambiri masiku amenewo: ankaganiza kuti ndi bwino mnyamata athane kaye ndi zaunyamata, ubatizo udzatsuke zonse pambuyo.

Kusukulu ankakonda mabuku a Chilatini, makamaka ndakatulo za Virgil, koma Chigiriki ankadana nacho chifukwa ankachiphunzira ndi mkwapulo. Makolo ataona kuti mwanayo ali ndi mutu adamutumiza ku Madaura kukapitiriza maphunziro. Atafika zaka 16 ndalama zidathera panjira, ndipo adakhala pakhomo chaka chathunthu wopanda chochita.

M'chaka chimenechi mudachitika kanthu kamene ambiri akadakaiwala, koma iye adakasinkhasinkha ali kale episkopi. Usiku wina iye ndi anzake adakagwedeza mtengo wazipatso wa munthu wina pafupi ndi munda wawo wa mpesa. Sadali ndi njala, ndipo kwawo kudali zipatso zabwino kuposa zimenezo. Adangolawako pang'ono, zotsalazo nkuponyera nkhumba. Podzifunsa chifukwa chimene adachitira zimenezi, adapeza kuti chidamukoka ndi kukoma kwa kulakwa kwenikweniko, pamodzi ndi manyazi oopa kutsalira pakati pa anzake. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene padagona mbewu ya chiphunzitso chake chonse. Ngati munthu angathe kukonda choipa popanda phindu lililonse, ndiye kuti vuto lake lili mkati mwa mtima umene umasankhawo, ndipo kumuuza chabwino kokha sikungamuchize.

Zaka za ku Carthage

Ndi chithandizo cha munthu wina wachuma wa kwawo dzina lake Romanianus, Augustine adapita ku Carthage, mzinda waukulu wa Aroma ku Africa, ali ndi zaka pafupifupi 17. Kumeneko adaphunzira luso la kulankhula pagulu, limene lidali khomo lolowera ku ntchito za boma ndi za milandu. Adayambanso kukhala ndi mkazi wina popanda ukwati wovomerezeka, ndipo cha m'ma 372 adabereka naye mwana wamwamuna, Adeodatus, dzina lotanthauza wopatsidwa ndi Mulungu. Adakhala wokhulupirika kwa mkaziyu zaka zoposa khumi, koma m'mabuku ake onse sadamutchule dzina.

Ali ndi zaka 19 adawerenga buku la Cicero lotchedwa Hortensius, limene lidamuyatsa moto wofunafuna nzeru zenizeni. Adayesa kutsegula Baibulo, koma Chilatini chake chidamuonekera chosakongola poyerekeza ndi cha Cicero, ndipo adalisiya. M'malo mwake adalowa gulu la otsatira Mani, mneneri wa ku Persia. Gululi linkaphunzitsa kuti pali mphamvu ziwiri zosatha, ya kuwala ndi ya mdima, ndipo kuti choipa chimene munthu amachita chimachokera ku mdima umene udamulowerera. Chiphunzitsochi chidamukomera mnyamatayo pa zifukwa ziwiri. Chinkalonjeza kufotokoza zonse ndi nzeru popanda kukakamiza chikhulupiriro, komanso chinkamuchotsera mlandu, popeza wochimwa sadali iye weniweni. Adakhala m'gululi zaka zisanu ndi zinayi.

Amayi ake adalira kwambiri ndi zimenezi. Adapita kwa episkopi wina kukamupempha kuti akatsutsane ndi mwana wawoyo, koma episkopiyo adakana poona kuti mnyamatayo sadali wokonzeka kumva. Adangowalimbitsa mtima kuti mwana wolirilidwa misozi yochuluka chotere sangatayike. Patapita nthawi Augustine adayamba kukayikira yekha ziphunzitso za Mani, makamaka pa za nyenyezi ndi kadamsana, zimene sizinkagwirizana ndi zomwe akatswiri adawerengera. Adauzidwa kuti adikire Faustus, mphunzitsi wotchuka wa gululo. Faustus atafika ku Carthage adapezeka munthu wokoma pakamwa koma wosadziwa zambiri. Chidali chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Ku Roma ndi ku Milan

Mu 383 Augustine adaganiza zopita ku Roma chifukwa ophunzira ake a ku Carthage adali osamva mwambo. Amayi ake adamutsatira mpaka kudoko kumuletsa, koma iye adawanamiza kuti akungoperekeza mnzake, nanyamuka usiku iwo akupemphera m'kachisi wokumbukira Cyprian. Ku Roma adafikira kudwala kwambiri, ndipo atachira adapeza vuto lina: ophunzira akumeneko ankathawira kwa mphunzitsi wina nthawi yolipira ikakwana. Mwayi udamugwera mu 384, pamene Symmachus, mkulu wa mzinda wa Roma, adamusankha kuti akakhale mphunzitsi wa luso la kulankhula ku Milan, kumene kunkakhala mfumu yaikulu ya Aroma.

Apa mwana wa ku Thagaste adali atafika pamwamba ali ndi zaka 30 zokha. Komabe iye mwini akusimba kuti tsiku lina, akukonzekera kukatamanda mfumu ndi mawu amene ankadziwa kuti ambiri mwa iwo ndi abodza, adaona wopemphapempha wina ataledzera akuseka mumsewu, ndipo adamusirira. Wopemphayo adali atapeza chimwemwe chake ndi timakobiri tochepa, pamene iye ndi maphunziro ake onse ankangodya nkhawa.

Ku Milan adayamba kupita kukamvera episkopi Ambrose, poyamba kuti angoyesa luso lake la kulalika. Pang'onopang'ono zimene Ambrose ankanena zidayamba kulowa pamodzi ndi kukoma kwa mawuwo, makamaka njira yake yomasulira Chipangano Chakale, chimene otsatira Mani ankachinyoza. Adawerenganso mabuku a otsatira nzeru za Plato, amene adamuthandiza kumvetsa kuti Mulungu alibe thupi, ndiponso kuti choipa si chinthu cholengedwa koma kuperewera kwa chabwino, monga mdima uli kusowa kwa kuwala. Mafunso a m'mutu adayamba kutha.

Nthawi yomweyo padachitika chinthu chimene sindingachilambalale. Amayi ake atamupeza ku Milan adamukonzera ukwati ndi mtsikana wa banja lolemera, kuti akwere bwino pa ntchito. Mkazi amene adakhala naye zaka zonse zija adabwezedwa ku Africa, mwana nkutsala ndi bambo. Augustine akuvomera kuti mtima wake udang'ambika, koma popeza mtsikana wotomeredwayo adali asadakwane zaka za ukwati ndipo padafunika kudikira zaka ziwiri, iye adatenga mkazi wina. Mkazi wobwezedwa uja adalumbira kuti sadzakhalanso ndi mwamuna wina. Wophunzira kwambiriyo ndiye adalephera kudziletsa.

Zimene zidachitika m'munda

Pofika mu 386 Augustine adali atakhutira kuti chikhulupiriro cha Chikhristu ndi choona. Chimene chidatsala chidali mphamvu yochitsatira. Iye akufotokoza mkhalidwe wake ngati unyolo umene adadzisulira yekha: kufuna kokhota kudabala chilakolako, chilakolako chotsatiridwa chidasanduka chizolowezi, ndipo chizolowezi chosakanizidwa chidasanduka ukapolo. Ankadabwa kuti maganizo akalamula dzanja, dzanja limamvera pomwepo, koma akadzilamula okha amakana. Adali ngati munthu wodziwa kuti kwacha koma tulo tikumukanikizabe pamphasa.

Anthu awiri adamusimbira nkhani zimene zidamulasa mtima. Wansembe wokalamba Simplicianus adamuuza za Marius Victorinus, mphunzitsi wotchuka wa ku Roma amene adavomera Khristu poyera atakalamba. Kenaka Ponticianus, wogwira ntchito kunyumba ya mfumu, amene adabwera kudzacheza pa nkhani zina, adaona makalata a Paulo pathebulo nayamba kusimba za Antony, munthu wa ku Egypt amene adasiya chuma chake nakakhala m'chipululu. Mlendoyo atachoka, Augustine adathawira m'munda wa nyumba imene ankakhala, mnzake Alypius akumutsatira. Adadzigwetsa pansi pa mkuyu akulira. Ali pomwepo adamva mawu ngati a mwana kunyumba yoyandikana nayo, akubwerezabwereza kuti atenge awerenge. Adabwerera pamene adasiya buku lija, nalitsegula, ndipo maso ake adagwera kumapeto kwa mutu 13 wa kalata yopita kwa Aroma, pamene Paulo akuletsa kuledzera, dama ndi ndewu, nalamula owerenga kuti avale Khristu. Akunena kuti atangomaliza ndimeyo kukayika konse kudachoka.

Ndikaiyang'anitsitsa nkhaniyi ndimaona kuti Augustine sadachitepo zambiri. Ponticianus adabwerera zina. Mwana uja sankadziwa kuti pali munthu akumumva. Ndime ya m'Baibulo idali yosasankhidwa ndi iye. Chimene adalimbana nacho zaka zambiri osachitha chidatheka m'kamphindi, iye atafooka kotheratu. Polemba Confessiones patapita zaka zoposa khumi, adaona dzanja la Mulungu m'zonsezi, ngakhale mu ulendo uja wothawa amayi ake, umene udamufikitsa kwa Ambrose mosadziwa.

Adasiya ntchito yake yauphunzitsi napita kukapuma ndi abale ndi abwenzi kumudzi wa Cassiciacum. Usiku wa Pasaka, mu Epulo 387, Ambrose adamubatiza pamodzi ndi Adeodatus ndi Alypius. Ali paulendo wobwerera ku Africa chaka chomwecho, amayi ake adamwalira padoko la Ostia, atauza ana awo kuti asavutike ndi za kumene awaike. Augustine adafika kwawo mu 388, ndipo pasadapite nthawi yaitali mwana wake Adeodatus adamwaliranso.

Wansembe ndi episkopi ku Hippo

Chimene Augustine ankafuna chidali moyo wachete wa mapemphero ndi maphunziro pamodzi ndi anzake. Koma mu 391, atapita ku Hippo Regius, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja umene lero ndi Annaba, anthu adamuzindikira m'tchalitchi namugwira kupita naye kwa episkopi Valerius kuti amudzoze unsembe. Iye adalira, koma adavomera. Cha m'ma 395 adadzozedwa kukhala episkopi wothandiza Valerius, ndipo mkuluyo atamwalira adatenga mpando wake. Adaugwira udindowu zaka pafupifupi 35, akulalika, kuweruza milandu ya anthu ake ndi kuyankha makalata ochokera kutali.

Kusintha kwakukulu kwa maganizo ake pa za chisomo kudachitika cha m'ma 396. Poyamba ankaphunzitsa kuti Mulungu amasankha anthu amene adawaoneratu kuti adzakhulupirira. Mwanjira imeneyi chikhulupiriro chidali mbali ya munthu, ndipo Mulungu ankangoonjezera mphamvu yochitira zabwino. Kenaka Simplicianus uja adamutumizira mafunso, ena mwa iwo okhudza mutu 9 wa kalata yopita kwa Aroma, pamene Paulo akukamba za Yakobo ndi Esau, amene mmodzi adasankhidwa onse asadabadwe ndiponso asadachite kanthu. Augustine adayesetsa kupeza chinthu mwa Yakobo chimene chikadakhala chifukwa cha kusankhidwa kwake, koma sadachipeze. Ndime ina, ya 1 Akorinto 4:7, imene imafunsa munthu ngati ali ndi kanthu kamene sadachite kulandira, idamaliza nkhaniyo. Adatsimikiza kuti chikhulupiriro chomwe, ngakhale kuyamba kwake kwenikweni, ndi mphatso. Munthu sangakondwere ndi Mulungu pongofuna, pokhapokha Mulungu atayamba wamukhudza mtima. Ndi maso amenewa adalemba Confessiones pakati pa 397 ndi 400, buku la magawo 13 limene lonse ndi pemphero.

Mkangano ndi Pelagius

Pelagius adali munthu wochokera ku Britain amene adakhala zaka zambiri ku Roma akuphunzitsa moyo wodziletsa. Tiyenera kumuchitira chilungamo. Adali munthu wa makhalidwe abwino, ndipo Augustine yemwe poyamba ankamutchula mwaulemu. Chimene chinkamupweteka Pelagius chidali ulesi wa Akhristu ambiri a ku Roma, amene ankachimwa nkumanamizira kufooka kwa thupi. Akuti atamva wina akuwerenga pemphero la m'gawo 10 la Confessiones, m'mene Augustine akupempha Mulungu kuti apereke yekha mphamvu yochitira zimene akulamula, adakwiya kwambiri. Kwa iye mawu oterowo ankalimbikitsa ulesi womwewo.

Pelagius ndi wophunzira wake Caelestius ankaphunzitsa kuti Mulungu wolungama sangalamule chimene munthu sangathe. Tchimo la Adamu lidapweteka zidzukulu zake pozipatsa chitsanzo choipa chabe, ndipo mwana amabadwa wopanda banga. Chisomo ankachivomereza, koma kwa iwo chidali ufulu wosankha umene Mulungu adatilenga nawo, malamulo amene adatipatsa, chikhululukiro cha machimo akale ndi chitsanzo cha Khristu. Zotsalazo ndi za munthu mwini. Tingati chiphunzitso chawo chidali cha pagule fumbi ndiwe mwini.

Mu 410 ankhondo a Alaric adalowa mu Roma ndi kufunkha mzindawo, ndipo anthu ambiri, kuphatikizapo Pelagius ndi Caelestius, adathawira ku Africa. Tsoka lomweli ndi limene lidachititsa Augustine kulemba buku lake lalikulu la magawo 22, De civitate Dei, lonena za mzinda wa Mulungu. Caelestius adatsutsidwa ku Carthage cha m'ma 411, ndipo Augustine adayamba kulemba mabuku oyankha maganizo amenewa.

Mayankho ake adali otere. Choyamba, malamulo amaonetsa matenda koma sachiza, monga iye mwini adadziwira chabwino ku Milan nalephera kuchichita. Chachiwiri, anthu onse amabadwa ali kale m'tchimo la Adamu, ndipo n'chifukwa chake mpingo umabatiza ndi makanda omwe. Chachitatu, ndipo ichi ndimachiona champhamvu kuposa zonse, adaloza ku mapemphero a mpingo. Ngati kutembenuka mtima kuli m'manja mwa munthu, n'chifukwa chiyani Akhristu amapempherera osakhulupirira kuti Mulungu awatembenuze? Ngati kupirira ndi kwathu, tipempheranji kuti tisagwe m'mayesero? Munthu sapempha chimene ali nacho kale. Mwana wa a Monica adali ndi chifukwa chabwino chodziwira zimenezi. Sadakane kuti munthu ali ndi chifuniro. Adati chifunirocho ndi chodwala, ndipo chisomo chimachichiritsa kuti munthu ayambe kukonda chabwino ndi mtima wake wonse. Chisomo chimatsogola, chimaperekeza, ndipo chimafikitsa kumapeto. Ntchito zabwino zilipo ndithu, koma Mulungu akamazipatsa mphotho amakhala akulemekeza mphatso zake zomwe.

Nkhaniyi sidathe msanga. Mu 415 msonkhano wa maepiskopi ku Diospolis, m'dziko la Palestine, udamupeza Pelagius wosalakwa. Maepiskopi a ku Africa adalembera Papa Innocent I, amene adagwirizana nawo mu 417. Wolowa m'malo mwake, Zosimus, poyamba adaoneka wokomera Pelagius, koma mu 418 mfumu Honorius idalamula kuti Pelagius ndi Caelestius achotsedwe mu Roma, ndipo msonkhano wa maepiskopi oposa 200 ku Carthage udatsutsa chiphunzitso chawo. Zosimus naye adatsatira. Maepiskopi 18 a ku Italy adakana kusaina, ndipo mmodzi mwa iwo, Julian wa ku Eclanum, adalimbana ndi Augustine m'mabuku kufikira imfa ya mkuluyo.

Mafunso ovuta

Chiphunzitsochi chidasautsa ndi abwenzi ake omwe. Cha m'ma 426 amonke a ku Hadrumetum, mzinda umene lero ndi Sousse ku Tunisia, adafunsa funso lomveka: ngati zonse ndi chisomo, mkulu wawo awadzudzulirenji akalakwa, m'malo mongowapempherera? Augustine adayankha kuti chidzudzulo ndi chimodzi mwa zipangizo zimene Mulungu amagwiritsa ntchito, monga adagwiritsira ntchito maulaliki a Ambrose pa iye. Mlimi amabzala ndi kuthirira ngakhale akudziwa kuti kumeretsa mbewu si kwake.

Koma pali mfundo zina zimene adazifikitsa patali kwambiri. Adaphunzitsa kuti Mulungu adasankhiratu chiwerengero cha amene adzapulumuke, ndipo ena onse amasiyidwa m'chilango chimene mtundu wa anthu udadzitengera mwa Adamu. Atafunsidwa chifukwa chimene Mulungu amasankhira uyu nkusiya uyo, ankati zimenezo ndi zobisika kwa munthu. Adatinso makanda omwalira osabatizidwa sapulumuka, ngakhale chilango chawo ndi chopepuka kuposa cha onse. Julian adati Mulungu wotere sangatchedwe wolungama, ndipo ine ndikuona kuti pa za makanda funso lake lidali ndi mphamvu. Mpingo sudamutsatire Augustine pa zonse. Msonkhano wa ku Orange mu 529 udavomereza kuti chisomo ndicho chimayamba, koma udakana zoti pali anthu amene Mulungu adawakonzeratu kuti achite zoipa. Mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu la ku Vatican lidalemba kuti pali zifukwa zokhalira ndi chiyembekezo pa makanda omwalira osabatizidwa.

Palinso nkhani ya otsatira Donatus, Akhristu a ku Africa amene adapatuka mumpingo. Poyamba Augustine ankafuna kuwabweza ndi mawu okha, koma pambuyo pake adavomereza kuti boma liwaumirize ndi malamulo ndi zilango, ngakhale ankapempha kuti asaphedwe. N'zodabwitsa kuti munthu amene adaphunzitsa kuti Mulungu amakoka mtima ndi chikondi adalola mphamvu ya mfumu kulowerera pa za chikhulupiriro.

Masiku ake otsiriza

Atakalamba, Augustine adachita chinthu chachilendo kwa alembi a nthawi yake. Cha m'ma 426 ndi 427 adawerenganso mabuku ake 93 nalemba buku lotchedwa Retractationes, m'mene adaonetsa malo amene maganizo ake adasintha. Mu 429 a Vandal, motsogozedwa ndi mfumu yawo Geiseric, adaoloka nyanja kuchokera ku Spain nalowa mu Africa, ndipo chaka chotsatira adazinga mzinda wa Hippo. M'mwezi wachitatu wa kuzingidwako Augustine adadwala malungo. Possidius akusimba kuti adapempha kuti Masalimo a kulapa alembedwe ndi kupachikidwa pakhoma pafupi ndi bedi lake, ndipo masiku khumi otsiriza adapempha kuti asamasokonezedwe, kupatula nthawi ya chakudya ndi ya asing'anga. Ankawerenga Masalimowo akulira. Adamwalira pa 28 Ogasiti 430 ali ndi zaka 75. Sadasiye wilo chifukwa adalibe chuma, koma adalangiza kuti mabuku a mpingo asungidwe bwino, ndipo adapulumukadi. Mafupa ake pambuyo pake adatengedwa kupita ku Sardinia, kenaka ku Pavia m'dziko la Italy.

Mawu otsiriza

Maganizo a Augustine sadathere ku Hippo. Martin Luther, amene mu 1505 adalowa chipani cha amonke chotsatira malamulo a Augustine, adatsamira kwambiri pa mabuku ake otsutsa Pelagius. John Calvin naye adamutchula kawirikawiri kuposa mphunzitsi wina aliyense wa mpingo wakale. Kudzera mwa Calvin chiphunzitsochi chidafika ku Scotland ndi ku Netherlands, ndipo kuno kwathu chidabwera ndi amishoni a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876 ndi a Dutch Reformed amene adayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Kumbali ya Akatolika, Papa Leo XIV, amene adasankhidwa mu 2025, ndi wa chipani cha Augustine. Motero mipingo imene imasiyana pa zambiri imamwa pachitsime chimodzi pa nkhani iyi.

M'chimangirizochi ndayesa kuonetsa kuti Augustine adaphunzitsa zimene adadutsamo. Maphunziro a ku Carthage adamupatsa luso, mabuku a nzeru adamuyankha mafunso, ndipo Ambrose adamutsegulira Malemba, koma zonsezi zidamufikitsa pongodziwa chabwino. Mphamvu yochikonda adailandira atalephera. Ndikuvomereza kuti nkhawa ya Pelagius idali yoona, pakuti alipo anthu amene amabisala kumbuyo kwa chisomo kuti apitirize zoipa. Koma moyo wa Augustine sukuonetsa ulesi umenewo. Munthu wokhulupirira kuti zonse adachita kulandira ndiye adagwira ntchito zaka pafupifupi 40 osapuma. Chimene chiphunzitso chake chimachotsa ndi kudzitama, ndiponso kunyoza mnzako amene akadali kutali, popeza amene adakufikira iwe angathe kumufikiranso iye. Episkopi wa zaka 75, amene mabuku ake ankawerengedwa m'maiko ambiri, adatsiriza moyo wake akupempha chifundo ngati munthu wongoyamba kumene, ndipo pamenepa zochita zake zidagwirizana ndi zimene adaphunzitsa.